Pikapu yonyada idagwadira kachewere ku Tsangano

Palibe wogulitsa mbatata ya kachewere mumsika wa Limbe, wa Ndirande ngakhalenso wa ku Lilongwe amene sadziwa dzina la Tsangano. Ndi mnyamata wa chiwaya yemwe, woti sadapondeko phazi chibadwire, mukamufunsa chomwe chipisi chachepera m'mbale amayankha msangamsanga kuti: "Bwana, ku Tsangano galimoto sizikulowa." Dera limeneli lili m'boma la Ntcheu, pamwamba pa mapiri a Kirk Range, m'malire enieni a dziko lino ndi Mozambique, ndipo mtengo wa thumba lomwe timalimbirana m'tauni muno umayambira kumeneko, m'matope.

Kaamba ka matope omwewo, kwabwera fashoni pakati pa eni mapikapu a hayala. Aliyense akufuna matayala akuluakulu, a mano ngati a thirakitala, kenaka n'kukweza kutsogolo kwa galimoto kuti iime mowongoka. Ikafika pamsika anthu amaizungulira, ndipo a geni amalimbirana kuichita hayala poganiza kuti yotereyi ndiye ikafika kumunda kwenikweni n'kusenza zonse ulendo umodzi. Ine ndakwerapo yotere kupita ku Tsangano ndi kubwerako, mvula ili kumapeto. Ndati ndikuuzeniko zomwe ndidaona, anzanga a mumsika, musadapereke ndalama ya hayala.

Galimotoyo ndi ya alamu anga. Ndi Toyota Hilux ya dizilo, ya mpando umodzi kutsogolo, ya mtundu womwe udafika m'misewu yathu cha mu 2005, yokoka ndi mawilo onse anayi pakavuta. Idabwera ndi matayala olembedwa 205R16C. Alamu adawachotsa n'kuika a 265/75R16 pamodzi ndi malimu otambalala. Manambalawa asakuopseni. 265 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, 75 ikutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi magawo 75 pa 100 alionse a kutambalalako, pomwe 16 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Mwachidule, tayala lakale mukaliimika pansi limatalika masentimita 73, latsopanoli 80.

Tayala lalikulu chotere silikwana bwino kutsogolo, limakhula madigadi mukakhota kwambiri. Apa mpamene amakaniko amabweretsa chomwe amachitcha leveling kit. Dzinali n'lalikulu koma katundu wake ndi wochepa: zitsulo ziwiri zozungulira ngati mbale, masipesa, zomwe amazimanga pamwamba pa shoki ndi sipuling'i ya kutsogolo, chimodzi mbali iliyonse. Za alamu zidakweza kutsogolo ndi masentimita ngati 5. Pa mapikapu akale, monga Nissan Hardbody ndi Isuzu KB za zaka za m'mbuyomu, omwe kutsogolo kwake kumagwidwa ndi ndodo yachitsulo yotchedwa torsion bar, amangomangitsa bawuti wa ndodoyo galimoto n'kudzuka. Kumbuyo sakhudzako n'komwe.

Tidanyamuka mu Limbe nthawi ili 3 koloko m'bandakucha. Kutsogolo tidakhala atatu: alamu pa chiwongolero, ine pakati, kukhomo mayi ena achikulire a benchi ya mbatata, omwe adayamba kupikula ku Ntcheu ana awo akadali kumsana. Kubokosi kudakwera mnyamata wa ku Ndirande woperekera mbatata m'ziwaya, ndi kamnyamata kothandizira alamu. Mayiwo ndi mnyamata wa ku Ndirande ndiwo adasonkherana ya hayala. Ine ndidalibe thumba ngakhale limodzi, ndidangotsatira kukaona dziko.

Pokwera, mayi aja adachita kugwirira chitseko ndi manja awiri.

"Achimwene, mwagula galimoto kapena thandala loyanikapo mbale?"

Alamu adangoseka. "Mayi, lero mukaonera. Pomwe anzathu amathera, ife tikayambira pomwepo."

Pa phula matayala a manowa amaimba ngati njuchi zili pa ulendo. Kuchokera pa Lunzu, kudutsa pa Lirangwe mpaka pa mlatho wa Shire pa Zalewa, tinkachita kukuwa polankhulana. Chomwe chidandidabwitsa n'chakuti singano ya liwiro inkaloza pomwe alamu amayendera masiku onse, koma mitengo ya malambe ya ku Phalula inkathawa mwachangu kuposa kale.

Chifukwa chake n'chapafupi. Galimoto siona msewu, imangowerenga kuzungulira kwa mawilo. Tayala lakale likazungulira kamodzi limayenda mamita 2.3, latsopanoli mamita 2.5. Ndiye kuti pomwe kale munkayenda 80, lero mukuthamanga pafupifupi 88 singano ili pamalo omwewo. Makina a apolisi a pamsewu sawerenga singano yanu, amawerenga liwiro lenileni. Nawo makilomita olembedwa pa dashibodi amanama: mukayenda 100, iwo amalemba 91. Mwini galimoto wotchaja hayala potengera manambala amenewo akudzibera yekha, ndipo tsiku losintha oyilo limamudutsa iye osadziwa.

Kunja kudatiyerera titapitirira pa Chingeni, pomwe pali zipata zolipiritsa galimoto zomwe zidatsegulidwa mu November 2021. Kuchoka apo dziko limayamba kukwera. Kutentha kwa kuchigwa kumatsala m'mbuyo, ndipo mukamadutsa pa boma la Ntcheu mumayamba kufunafuna juzi. Patsogolo pake, msewu wa M1 utakwera zitunda, mpamene pali Tsangano Turn-off.

Amene mudadutsapo pa basi mukupadziwa. Kabichi waunjikidwa ngati njerwa, tomato m'mabeseni, anyezi, karoti, ndowa za mbatata zitandandalikidwa m'mbali mwa msewu, amayi akuthamangira mazenera a basi iliyonse yoima. Wofuna zachangu amapikula pomwepa n'kutembenuka. Koma mbatata ya apa yadutsa kale m'manja awiri kapena atatu, ndipo dzanja lililonse latapapo yake. Wofuna mtengo wa mlimi ayenera kukhota, kulowa m'kati, kukafika komwe khasu likukumba. Ndiye chifukwa chake nkhani ya kutalika kwa galimoto ili nkhani ya ndalama.

Msewu wa ku Tsangano umayenda pamsana pa mapiri, ndipo ndi womwewo umapitirira mpaka ku Neno ndi ku Mwanza. M'malo ambiri mbali imodzi ndi Malawi, inayo Mozambique, popanda mpanda kapena chipata. Malirewa adagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, n'kudula pakati dziko la Angoni a kwa Gomani, mwakuti tsidya linalo, m'chigawo cha Tete, kulinso boma lotchedwa Tsangano. Chilankhulo n'chimodzi, maukwati ndi amodzi, maliro amalira limodzi. Nkhondo ya ku Mozambique isadathe mu 1992, dziko lino lidasunga anthu othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo Ntcheu ndi limodzi mwa maboma omwe adalandira ambiri. Mayi aja ankaloza zitunda zina n'kumati: "Apo padali misasa yokhayokha, mwana wanga. Lero taonani, mbatata."

Dziko lake n'lokongola, abale. Nkhungu imakwawa m'zigwa mpaka dzuwa litakwera, mizere ya mbatata yakwera phiri mpaka pamwamba, apo ndi apo mitengo ya mapichesi kuseri kwa nyumba. Kuno n'kumene kumalimidwanso tirigu, mbewu yomwe ambiri m'tauni amayesa kuti imangochokera kunja. Kumazizira koti wa ku Nsanje atha kulira. Ana opita kusukulu tidakumana nawo manja ali m'khwapa, ndipo onse ankaima kuyang'ana matayala a alamu. Alamu nawo mtima m'malo, chigongono pazenera.

Titasiya msewu waukulu tidalowa kanjira kopita kumidzi, ndipo apa ndiyenera kunena chilungamo: matayala aja adagwira ntchito. Malole ndi ngolo zidakumba ngalande ziwiri zakuya, pakati n'kusiya msana wadothi. Galimoto yaifupi ikalowetsa mawilo m'ngalandezo mimba imakhala pa msanawo, mawilo n'kumangozungulira m'malere. Tidapeza kagalimoto kena ka matola katakhala chomwecho, okwera ali pambali mathalauza atapinda, ena akukumba pansi pake ndi makasu obwereka. Alamu adaika mawilo onse anayi, tidalambalala, pamalo ena oipa kuposa apo tidadutsa pansi posagunda kanthu.

"Mwaona mayi?"

"Ndaona, achimwene. Koma popita galu amathamanga. Tidzaonere pobwerera."

Pano pali chinthu choti muchimvetse. Malo otsikitsitsa a pikapu ndi difu ya kumbuyo, chibumi chachitsulo chomwe chili pakati pa mawilo awiri a kumbuyo. Masipesa aja sakweza difu imeneyi ngakhale ndi chala chimodzi, amangokweza kutsogolo. Chokweza difu ndi tayala lokha, ndipo limakweza ndi theka la kukula kwake. Tayala lakula ndi masentimita 7, difu yakwera ndi masentimita 3 ndi theka, kutalika kwa zala ziwiri zogundana. Ndalama zonse zija zidagula zala ziwiri. Tsiku limenelo zala ziwirizo zidatidutsitsa, izo sindikana.

Kumunda tidafika cha m'ma 9 koloko. Mlimi wake, bambo wamtali wovala majombo ndi chikhoti cha kaunjika, adali atakumba dzulo lake. Malonda a kuno sathamangira. Mudayamba mwalonjerana, kufunsana za kunyumba, kudandaula za mtengo wa feteleza, kenaka mpamene ndowa imatuluka. Mayi aja adakhala pansi miyendo tambalale, kusankha mbatata imodziimodzi, yobooka ndi khasu kumbali, yobiriwira kumbali. Mnyamata wa ku Ndirande ankangofuna zikuluzikulu zokomera chipisi.

Thumba la kuno si la makilogalamu 50 lija mumalidziwa la feteleza. Amalidzaza, kenaka n'kusokerera lina pamwamba ngati chipewa, mpaka amuna awiri amalinyamula akubuula. Tingoyerekeza kuti lililonse ndi makilogalamu 100. Pikapu ya mtundu uwu idapangidwa kuti izisenza pafupifupi tani imodzi, makilogalamu 1,000, ndipo m'menemo muwerengeremo dalaivala ndi aliyense wokwera. Mayi adagula matumba 8, mnyamata 6. Onse pamodzi 14, kuonjezapo anthu asanu.

Ndidaima pambali kuonerera akukweza. Pa thumba lachinayi galimoto idali kale itatsika kumbuyo. Pa lachisanu n'chitatu masipuling'i a kumbuyo, omwe amakhala opindika ngati uta, adawongoka. Pa lomaliza adapindikira kwina, chitsulo cha mawilo chitakhala pa timalabala toletsa kugundana. Chitseko cha kumbuyo adachitsekula kuti matumba awiri akhalepo, n'kumanga ndi chingwe. Mphuno ya galimoto idaloza kumwamba ngati galu wonunkhiza nyama ili padenga.

Mlimi uja adapukusa mutu. "Akulu, iyi ikakwera pa mtsinje paja?"

Alamu adamenya tayala ndi chikhatho. "Bambo, awa si matayala amasewera. Werengani apa."

Pomwe ankalozapo padalembedwa 123. Nambala imeneyi imanena kulemera komwe tayala limodzi lingasenze, ndipo 123 ndi makilogalamu 1,550. Alamu sadaname. Koma tayala lakale lija lidali ndi 110, omwe ndi makilogalamu 1,060, awiri a kumbuyo pamodzi 2,120. Vuto silidali pa tayala chiyambire. Katundu asadafike pa tayala amayamba wadutsa pa bokosi, pa chasisi, pa masipuling'i ndi pa ekiselo, ndipo zonsezi zidali zomwe zija za kufakitale. Mabuleki omwe aja, kilatchi yomwe ija. Munthu mukamuveka majombo akuluakulu msana wake susintha.

Tsono mudadzifunsapo chifukwa chomwe pikapu yatsopano imaima chogwada, kumbuyo kuli m'mwamba? Si kulakwitsa kwa opanga ayi. Adasiya dala mpata umenewo kuti mukaika katundu kumbuyo kutsike, galimoto iwongoke, nyali ziloze mumsewu. Leveling kit idatchuka ku America, komwe anthu ambiri amayendera pikapu ngati galimoto yopitira kuntchito ndi kokagula zinthu, bokosi lili mbee. Kwa iwo kugwadako n'konyansa m'maso, ndiye amakuchotsa. Ife kuno pikapu ndi bulu. Mukaiwongola ili yopanda kanthu, mwadya kale mpata womwe udasiyidwira matumba anu.

Tidanyamuka cha m'ma 2 koloko masana, anyamata awiri aja atakhala pamwamba pa matumba. Pa mtunda woyamba womwe alamu adasiya kuyankhula. Chiwongolero chidapepuka, ukakhotetsa galimoto imayamba yaganiza kaye. Katundu wopitirira muyeso, makamaka wokhala kuseri kwa mawilo a kumbuyo, amapepuza kutsogolo kwa pikapu iliyonse, koma iyi idali yokwezedwa kale, ndipo pa malo opendekeka inkayendera mbali ngati ngalawa. Galimoto ikatalika, katundunso n'kuunjikidwa m'mwamba, kugubuduka sikuchedwa. Mayi adayamba kuyimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

Pa mtsinje paja mpamene zidathera. Kutsetsereka tidatsetsereka, madzi tidawoloka, koma kukwera tsidya linalo galimoto idafika pakati n'kuima. Tayala lalikulu lili ngati kuyamba ulendo pa njinga tcheni chili pa giya yothamangira: injini ndi yomweyo koma mphamvu yofika pansi yachepa ndi magawo pafupifupi 9 pa 100. Alamu adabwerera m'mbuyo, kuika giya yaing'ono ya m'matope, kuyesanso. Fungo la kilatchi yopsa lidadzaza m'kati. Wilo limodzi litalowa m'dzenje, kumbuyo kudamveka kukhuuu, tayala likukhula bokosi. Kamnyamata kaja kadalumpha n'kukuwa: "Bwana imani, tayala likudyeka!"

Tidatsika tonse. Pamapewa a tayala la kumanzere padali mzere woyera pomwe chitsulo chidayamba kusenda labala. Tayala lakale likadakhala ndi mpata pamenepo. Ili, pokhala lalitali ndi lotambalala, lidalibe kothawira.

Panalibe kuchitira mwina koma kutsitsa matumba anayi. Galimoto itapepukidwa idakwera bwinobwino, n'kukaima pamwamba. Mkangano udabuka pamenepo. Mnyamata wa ku Ndirande ankafuna kuti tilembe anyamata a m'mudzi asenze matumbawo kukwera nawo chitunda, tikwezenso, ulendo upitirire.

"Amayi, ndalama iyi ndi ya katapila. Loweruka ndikabweze. Thumba limodzi likatsala ndiye kuti ndagwira ntchito ya wina."

Mayi adamuyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga, yanganso ndi ya banki m'khonde, sindidatole pansi. Koma kutsogoloku kuli zitsetse mpaka ku Shire, ndipo pamwamba pa matumbapo pakhala iwe. Ana anga akudikira mayi wawo. Amako akudikira ndani?"

Alamu sadayankhepo kanthu, ankangoyang'ana tayala lawo. Pomaliza adagwirizana kuti aliyense asiye matumba awiri. Mlimi uja, yemwe adatitsatira pa njinga ngati ankadziwa, adavomera kuwasunga pakhonde pa mbale wake pafupi pomwepo, kuti m'mawa mwake awatengere pa ngolo mpaka pomwe malole amafika. Ngoloyo yolipira, lole yolipira, okweza ndi otsitsa olipira. Mbatata yokumbidwa m'nthaka yonyowa siichedwa kuola ikakhala m'thumba. Walira mvula walira matope.

Pa M1 tidatulukira dzuwa litalowa. Alamu atayatsa nyali, kuwala kudakathera m'nthambi za mitengo, msewu uli bii. Galimoto iliyonse yochokera kutsogolo inkatiphethirira nyali, madalaivala a malole akutiwalitsira zawo zonse mokwiya, poyesa kuti tikuwathobwa dala. M'mbali mwa msewu umenewu mumayenda anthu, njinga za makala, ana otumidwa kugolosale. Mayi adati: "Achimwene, pa boma tiime. Sindikufuna kukaperekera umboni kukhoti."

Pa boma la Ntcheu tidapeza makaniko wina wachikulire akutseka kagalaja kake. Adaimika galimoto moyang'ana khoma, n'kutsitsa nyali zonse ziwiri ndi sikuludiraiva, ntchito ya mphindi zochepa. Kenaka adagona pansi ndi tochi.

"Adakukwezerani ndani, achimwene?"

"Anyamata ena m'tauni, madala."

"Alayimenti adapanga?"

Alamu adakhala chete.

Mkuluyo adatiitana kuti tione. Tayala la kutsogolo lidali litayamba kudyeka mbali imodzi, loti silidathe ndi miyezi iwiri yomwe. Adati mukakweza kutsogolo mawilo amasintha kaimidwe, ndiye mukapanda kupita pa makina a alayimenti tsiku lomwelo, phula limadya ndalama zanu. Adatiunikiranso ndodo zomwe zimapititsa mphamvu ku mawilo a kutsogolo. Pa galimoto ya kufakitale zimagona pafupifupi mowongoka, apa zidali zopendekeka, ndipo labala lophimba CV joint ya kumanja lidali litang'ambika, girizi atamwazikira pa limu. Madzi ndi mchenga wa pa mtsinje paja zidali zitalowa kale. Nawo ma ball joint, adatero mkuluyo, amagwira ntchito atakhota kuposa muyeso wake, ndipo akatha wilo limatha kugona pansi galimoto ili pa liwiro.

Atatero adasuzumira kunsi kwa bokosi n'kuseka. Sipeya idali yakale ija, ya 205.

"Mukaphulitsa tayala usiku uno muika iyi? Mwendo wina wautali, wina waufupi ndi masentimita 7? Difu izingolimbana nazo njira yonse, ndipo mukadzaika mawilo anayi ndiye mudzaswa zambiri. Wogula matayala akuluakulu amagula asanu, achimwene."

Adationetsanso chinthu chomwe aliyense wogula matayala a kaunjika ayenera kudziwa. Pakhoma la tayala, kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT, pamakhala manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chomwe tayalalo lidapangidwa. Mukaona 2319, ndiye kuti ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Labala limakalamba ngakhale mano akadali akuthwa, ndipo opanga matayala ambiri amati likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuchoka pa Ntcheu kutsikira ku Zalewa alamu adayenda ngati akuperekeza mkwatibwi, giya yaing'ono pa chitsetse chilichonse. Adachita bwino, pakuti tayala lalikulu ndi lolemera limavutanso kuliimitsa, mabuleki amatentha msanga. Dizilo yemwe amawakwanira ulendo wonse adathera panjira, tidachita kuonjezera. Mu Limbe tidalowa pakati pa usiku.

Matumba anayi aja adafika patapita masiku awiri. A mayi adapulumuka, popeza adasankha mbatata yawo imodziimodzi. A mnyamata wa ku Ndirande, limodzi lidafika likuchucha pansi, ndipo atachotsa yoola, ya ngolo ndi ya lole, phindu la ulendo wonse lidangokwana kubweza katapila. Sabata imeneyo adagwiradi ntchito ya wina.

Alamu nawo adakhala pansi ndi pensulo. Matayala timaitanitsa kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 palibe amene amagula tayala akumwetulira. Akaphatikiza CV joint, kilatchi yomwe idayamba kuterereka, dizilo woonjezera ndi matayala odyeka mbali imodzi, adapeza kuti kunyada kukuwadyera hayala. Masipesa adachotsa. Matayala aja adagulitsa kwa bwana wina wa m'tauni yemwe pikapu yake imanyamula chikwama cha laputopu basi. Iwo adaika a 245/75R16, asanu, omwe amakweza difu ndi masentimita 2 popanda kukhula paliponse, n'kukonzetsa masipuling'i ndi mashoki a kumbuyo. Galimoto idabwerera pa kugwada kwake. Pamsika anthu adasiya kuizungulira, koma ku Tsangano ikupitabe, matumba 8 pa ulendo, osapitirira.

Sindikunena kuti tayala lokulirapo n'loipa. Kwa woyenda njira za kumunda nthawi ya dzinja, masentimita awiri kapena atatu pansi pa difu ndiwo amasiyanitsa wogona kunyumba ndi wogona m'thengo. Koma kutalika kwa galimoto ndi nkhani ina, mphamvu yosenza ndi nkhani inanso. Palibe tayala, sipesa kapena chitsulo choonjezera pa masipuling'i chomwe chimasintha kulemera komwe opanga adalemba pa kachitsulo ka galimotoyo ndi m'mabuku ake. Tani imodzi ndi tani imodzi.

Tsono inu a geni, pochita hayala musamayambe ndi kusirira mano a tayala. Zungulirani kumbuyo. Onani ngati masipuling'i akadali opindika ngati uta, onani ngati sipeya ikufanana ndi anzake, werengani manambala anayi aja. Gwirizanani chiwerengero cha matumba musadanyamuke m'tauni, anthu okwera muwawerengere pomwepo, pakuti kumunda mbatata ikatsika mtengo mtima umakula kuposa bokosi. Ndipo mukaona pikapu yopanda katundu itaima mowongoka ngati tebulo, mufunseni mwini wake kuti thumba lachikhumi likakwera, mphunoyo idzaloza kuti.